Kupima Madzi a m'Zitsime ndi m'Madambo ku Minga

Mlimi ali yense wa ku Minga adziwa kupima cimanga ca m'nkhokwe mwake. Pofika mwezi wa Ogasiti amakwera nasuzumira, naona pamene cafika, ndipo pomwepo amadziwa ngati banja lake lidzafika naco ku zokolola zina, kapena ngati kuli bwino kugulitsa mbuzi msanga mtengo wa ufa usanakwere. Palibe munthu amene amamseka pocita zimenezi. Koma madzi, amene cimangaco sicingamere popanda iwo, sapimidwa ndi munthu. Citsime cimatungidwa caka ndi caka, ndipo eni ake amadzidzimuka tsiku limene ndowa yabwera ndi matope okhaokha. Akale anati citsime cimadziwika kuya cikaphwa. Mauwo ndi oona ponena za munthu wabwino amene ulemu wake umaoneka iye atapita, koma mudzi woyembekeza kuti citsime cake ciyambe caphwa kuti udziwe kuya kwake udzamwera pa cithaphwi cimodzi ndi ng'ombe.

Madzi nawonso ali ndi nkhokwe yake, ndipo nkhokweyo ikhoza kupimidwa. Funso lake ndi limodzi: kodi madzi amene mvula imabweza caka ndi caka alingana ndi amene anthu, ziweto, madimba ndi dzuwa zimacotsa? Ngati alingana, ana a lero adzatunga pa citsime comweci atakula. Ngati salingana, citsimeco cilikufa, cingakhale lero cioneke codzala. Popeza munthu sangalowe pansi pa nthaka kukaona, akatswiri amagwiritsa nchito zizindikiro, ndizo zinthu zooneka ndi zowerengeka zimene zimaulula za cinthu cobisika. Anamwino a ku cipatala ca Minga amacita comweco poika mwana pa sikelo mwezi ndi mwezi. Sikelo ya tsiku limodzi sinena zambiri. Khadi la miyezi khumi ndi iwiri ndilo limasonyeza ngati mwanayo alikukula kapena ai.

KUMENE MADZI AMAKHALA

Dziko la Minga, pakati pa Petauke ndi Nyimba, limalandira mvula miyezi isanu yokha, kuyambira Novembala kufikira Malici kapena kuciyambi kwa Epulo. Pa caka cabwino malo okwera amalandira mamilimita 800 kufikira 1,000. Kutsikira ku cigwa ca Luangwa, ca kwa Nyalugwe ndi kwa Luembe, mvula imacepa ndipo kutentha kumakula. Miyezi isanu ndi iwiri yotsalayo munthu, ng'ombe ndi mtengo zimamwa zimene zinasungika m'dzinja.

Mvula ikagwa imagawika patatu. Ina imathamanga pamwamba pa nthaka, nilowa m'mifuleni ndi m'mitsinje monga Mvuvye ndi Msanzala, nikathira mu Luangwa, amene amakaipereka ku Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linali kuchedwa Feira. Yambiri imabwerera kumwamba: dzuwa limaiumitsa, ndipo mbeu, udzu ndi mitengo zimaimwa ndi kuitulutsira m'masamba. Yotsalayo, imene kawirikawiri sifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiyo imatsikira pansi kukadzaza nkhokwe ija.

Pansi pa dziko lino palibe nyanja monga ena amaganizira. Pali thanthwe lolimba lakalekale, ndipo madzi amakhala m'mwala wofumbwa umene uli pamwamba pa thanthwelo, ndi m'ming'alu yake. Ndico cifukwa cake mjigo wina umatulutsa madzi ambiri pamene wina, wokumbidwa pafupi pomwepo, ndi wouma: woyambawo unagwa pa mng'alu, winawo unaphonya. Nkhokwe yotere ndi yaing'ono. Imadzala msanga pa caka ca mvula, komanso imatha msanga. Dambo ndi malo amene madzi a pansiwo amayandikira kumtunda, kotero kuti dambo likayamba kuuma nthawi yake isanakwane, zitsime za m'mbali mwake zimatsatira posacedwa.

ZIZINDIKIRO ZA MAIKO

Maiko ali ndi njira zao zowerengera madzi. M'caka ca 1989 mai wina wophunzira wa ku Sweden, dzina lake Malin Falkenmark, anapereka muyeso umene ukugwirabe nchito. Amatenga madzi onse amene mvula imabweza m'mitsinje ndi pansi pa nthaka pa caka cimodzi, nawagawa ndi ciwerengero ca anthu. Ngati gawo la munthu mmodzi licepera malita 1,700,000 pa caka, dzikolo layamba kuvutika. Likacepera 1,000,000 madzi asowa. Likacepera 500,000 kusowako kwafika poipa. Manambalawa aoneka akulu cifukwa sanena za madzi akumwa okha. Muli madzi olimira cakudya ca munthuyo, omwetsa ziweto zake, ndi oyendetsa mafakitale a dziko lake.

Pa muyeso umenewu Zambia ndi dziko lolemera. Bungwe la FAO limawerenga kuti madzi obwerera caka ndi caka m'Zambia ali pafupifupi malita 105,000 biliyoni. Pa kalembera wa 2022 anthu anapezeka 19.6 miliyoni, cotero gawo la munthu mmodzi lipitirira malita 5,000,000. Koma pa kalembera wa 1969 anthu anali 4 miliyoni cabe, ndipo gawo la mmodzi linali kupitirira malita 25,000,000. Madzi sanacuruke, koma omwa acuruka pafupifupi kasanu.

Cizindikiro cina cinabwera ndi zolinga za citukuko zimene maiko a mu United Nations anagwirizana m'caka ca 2015. Colinga ca nambala 6 cinena za madzi, ndipo umodzi wa miyeso yake umafunsa kuti: pa madzi 100 amene alipo, atasiyako ofunika kuti mitsinje ndi nsomba zikhale ndi moyo, dziko limatunga angati? Dziko lotunga osafika 25 limayesedwa losavutika. Zambia amatunga pafupifupi 3.

Manambala onsewa ndi oona, komatu mai wa ku Minga amene wadzuka tambala woyamba m'mwezi wa Okutobala kukadikira pa citsime sangawakhulupirire, ndipo salakwa. Madzi ambiri a Zambia ali mu Zambezi, mu Kafue, mu Luapula ndi ku Bangweulu, ndipo palibe amene angawasenze kufika nawo kwa Mumbi kapena kwa Ndake. Nambala ya dziko lonse imasakaniza Luapula ndi Petauke, ndipo nambala ya caka conse imasakaniza Januwale ndi Okutobala. Ili ngati kunena kuti mudzi uli ndi cimanga cokwanira cifukwa nkhokwe ya munthu mmodzi ndi yodzala.

Muyeso umene mudzi ungatengerepo nzeru ndi wa ku Kariba. Bungwe loyang'anira damulo, la Zambezi River Authority, limapima msinkhu wa madzi tsiku ndi tsiku ndi kuulengeza. Damu likadzala madzi amafika mamita 488.5 pamwamba pa nyanja yamcere. Akatsika kufika mamita 475.5 makina a magetsi sangayende. Cuma conse ca damu lalikululo cili m'mamita 13 a pakatiwo. Pa cilala ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, cimanga ca mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni cinapserera m'minda, ndipo kumapeto kwa cakaco madzi a Kariba anatsika kufupi ndi muyeso wapansi uja. Magetsi anali kuzima maora 21 pa tsiku m'malo ambiri. Kupima sikunagwetse mvula, koma oyang'anira anadziwiratu miyezi ingapo kuti madzi adzafika pati, nayamba kuwagawa asanathe. Citsime ca pamudzi cilinso ndi muyeso wake wapamwamba ndi wapansi. Cosowa ndi munthu wowalemba.

Boma lili ndi bungwe la madzi lochedwa WARMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2011. Lamulo lakale la 1948 silinasamale za madzi a pansi pa nthaka, ndipo munthu anali kukumba monga afunira. Tsopano dziko linagawidwa m'zigawo zisanu ndi cimodzi za madzi, ndizo Zambezi, Kafue, Luangwa, Chambeshi, Luapula ndi Tanganyika, ndipo Minga ili m'cigawo ca Luangwa. Kuyambira 2018 mijigo iyenera kulembetsedwa, ndipo okumba ayenera kukhala ndi cilolezo. Koma cigawo ca Luangwa ndi cacikulu, ndipo anchito a Boma sangaime pa citsime ciri conse mwezi ndi mwezi. Nchito imeneyo yatsalira eni midzi.

MVULA NDI CINGWE

Coyamba kulemba ndi mvula, pakuti ndiyo yokha imathira m'nkhokwe. Ofesi ya zanyengo ili ndi malo opimira pa boma la Petauke, koma ali yense adziwa kuti mvula imagwa mbali: ikhoza kukokolola mizere ku Petauke pamene ku Minga fumbi lilikuuluka. Citini coongoka, cofanana kukamwa ndi pansi, ciikidwe pa mtengo wodulidwa bwino pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uli wonse nthawi ya 8 koloko wina aviike rula, alembe mamilimita, nataye madziwo. Tsiku lopanda mvula lilembedwenso, cifukwa masiku ouma a pakati pa dzinja ndiwo amapha mbeu. Mu 2024 cimene cinaononga cimanga ndi dzuwa la masabata asanu otsatana m'Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene cimanga cinali kufuna kumasula. Milimita imodzi ioneka yacabecabe pa rula, koma pa munda wa lima imodzi, ndiye kuti mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, milimita imodziyo ndi malita 2,500, zigubu 125 za malita 20.

Cizindikiro cacikulu koposa zonse ndi msinkhu wa madzi m'citsime, ndipo cida cake ndi cingwe. Cikhale cingwe cosatamuka, coyera, cokhala ndi mfundo pa theka liri lonse la mita, ndipo kunsonga kwake kumangidwe kacitini kakang'ono koyang'ana pansi, kamene kamalira kakagunda madzi. Pa mlomo wa citsime pajambulidwe cizindikiro ndi utoto kapena pakhomedwe msomali, ndipo kupima konse kuyambire pamenepo. Munthu wopima lero kucokera pa mlomo, mwezi wamawa kucokera pa nthaka, walemba bodza angakhale sanafune. Nthawi yake ndi m'bandakuca, wina asanatunge, pakuti usiku madzi amakhala atabwerera pa msinkhu wake weniweni. Tsiku loyamba la mwezi uli wonse likwanira. Nchitoyi ndi ya akulu, ndipo sifuna kuti munthu atsikire m'citsime. M'zitsime zakuya mumakhala mpweya woipa umene umapha msanga.

Pa manambala khumi ndi awiri a caka, awiri ndiwo ofunika kuwayang'anitsitsa: ya kumapeto kwa dzinja, madzi atakwera kotheratu, ndi ya kumapeto kwa Okutobala, atatsika kotheratu. Kutsika kwa madzi pakati pa Epulo ndi Okutobala si cinthu coopsa. Nkhokwe iri yonse imatsika m'cilimwe. Cofunsa ndi ici: kodi dzinja likatha madzi amabwerera pa mfundo ya caka catha?

Mwacitsanzo, mudzi ukhoza kupeza kuti m'Epulo madzi ali pa mamita 4 kucokera pa msomali, ndipo m'Okutobala pa mamita 9. Caka cotsatira mvula yacepa, ndipo m'Epulo madzi angofika pa mamita 6. Apo palibe codabwitsa, ndipo buku la mvula lifotokoza cifukwa cake. Caka cacitatu mvula yagwa bwino, madzi abwerera pa mamita 4: citsimeco ndi camoyo. Koma ngati mvula yagwa bwino zaka zitatu zotsatana, ndipo m'Epulo madzi afika pa mamita 4, kenaka 5, kenaka 6, pamenepo mudzi ulikudya mbeu. Kapena otunga acuruka kuposa mphamvu ya malowo, kapena mvula yaleka kulowa pansi ndipo ingothamanga kunka ku Luangwa. Buku la mvula lopanda buku la citsime silingaulule zimenezi, ndiponso la citsime lopanda la mvula limanamiza. Awiriwa ayenera kukhala m'kope limodzi.

Cingwe comweco cimanenanso kucuruka kwa madzi amene alimo. Citsime cotambalala mita imodzi cimasunga malita 785 pa mita iri yonse ya kuya, ndizo zigubu 39. Ngati m'Okutobala pansi patsala madzi a mita imodzi ndi theka, m'mawa muli zigubu zosafika 60, ndipo zina zonse ziyembekeza kuti madzi alowenso. Nkwabwino tsiku lina kupimanso amai atatha kutunga, ndi kuona kuti papita maora angati kuti madzi abwerere pa mfundo ya m'mawa. Citsime cimene kale cinali kubwerera pofika masana, koma tsopano cifuna usiku wonse, cilikucenjeza eni ake.

Mjigo sulola cingwe, cifukwa ndi wotseka, koma uli ndi cilankhulo cake. Munthu mmodzi apope mofatsa, kukweza ndi kutsitsa mkono wa mjigo mpaka pamapeto, ndipo wina awerenge kuti wapopa kangati kuti cigubu ca malita 20 cidzale. Nambalayo ilembedwe mwezi ndi mwezi. Ikayamba kukwera, anthu asafulumire kunena kuti madzi atha, pakuti kawirikawiri colakwa ndi mphira za mkati zimene zaperepeseka. Pali njira yosiyanitsira. Mjigo umene m'mawa ufuna kupopedwa nthawi yaitali madzi asanayambe kutuluka, koma ukayamba suleka, uli ndi paipi kapena valavu yodontha, ndipo wokonza mijigo aitanidwe. Koma mjigo umene m'mawa umatulutsa bwino, nuleka pakati pa mzere wa zigubu, nuyambanso utapumula, ndiwo umene madzi ake acepa pansi.

MTSINJE, DAMBO NDI DAMU

Mitsinje yaing'ono yambiri ya dera lino imaleka kuyenda m'cilimwe. Cizindikiro cake ndi tsiku limene yalekera. Pasankhidwe malo amodzi osasintha, monga pa mlatho kapena pa dooko, ndipo palembedwe tsiku lotsiriza limene madzi anaoneka akuyenda. Pambuyo pake amai amafukula mcenga, ndipo kuya kwa dzenje nakonso ndi muyeso: cikhato, cigongono, mkono wonse, m'ciuno. Pano nkhalamba za m'mudzi ndizo buku lakale. Sizingachule tsiku, koma zimakumbukira ngati pa nyengo ya Tuwimba, mwambo wa Ansenga wa kwa Kalindawalo umene umacitika m'Okutobala, kapena pa tsiku la ufulu la 24 Okutobala, anyamata anali kusambira pa dziwe lakutilakuti kapena ai. Zimenezi zilembedwe pa tsamba loyamba eni ake akali moyo. Nzoona kuti kwa nkhalamba zakale zonse zinali zokoma, cotero ndi bwino kufunsa atatu kapena anai, ali yense payekha.

Zomera ndi tizilombo nazonso zimanena. Mkuyu ndi katope zimakonda pamene madzi ali pafupi, ndipo bango limamera pamene cinyontho sicitha. Dambo limene bango likubwerera m'mbuyo, ndipo udzu wa kumtunda ndi tizitsamba taminga zilikulowa, lilikuuma, angakhale m'Febuluwale munthu atitimiremo mpaka m'maondo. Nkhanu ndi tiana ta tombolombo pansi pa miyala zimasonyeza madzi abwino. Ndere zobiriwira zocuruka ndi fungo zimasonyeza kuti ndowe kapena feteleza walowa.

Mtundu wa madzi a mvula zoyamba uyenera kuonedwa. Botolo loyera lidzazidwe pa dooko mtsinje utasefukira, liikidwe pa thandala usiku wonse, ndipo m'mawa matope okhala pansi apimidwe ndi rula. Matopewo ndi munda wa munthu wina wa kumtunda. Mtsinje umene umadzala mwadzidzidzi mvula ikagwa, wofiira, nuphwa m'masiku awiri, ukunena kuti nthaka yaleka kumwa. Zocititsa zake zidziwika: mizere yotsata kutsetsereka kwa phiri, kulima mpaka m'mphepete mwa madzi, moto wolusa wa m'Seputembala umene umasiya nthaka yambulanda, ng'ombe zopondaponda njira imodzi, ngalande zokumbidwa pakati pa dambo, ndi mitengo yogwetsedwa. Wodutsa pa mseu waukulu wa ku Lusaka amaona matumba a makala m'mbali, ndipo nkwapafupi kuloza cala oocha makala okha. Koma munda watsopano wotsegulidwa pa mutu wa mfuleni umaononga cimodzimodzi, ndipo mwini wake kawirikawiri ndi amene amadandaula kwambiri pa msonkhano. Si mtengo uli wonse umene umasunga madzi: bulugama wobzalidwa pa kasupe amamwa kwambiri, ndipo malo ake ndi kumtunda.

Damu limanyenga maso koposa zonse, cifukwa limaoneka lodzala pamene pansi pake padzala matope. Nsungwi yaitali yokhala ndi mizere izikidwe pamalo akuya, ndipo caka ndi caka, madzi atatsika, aone kuti matope akwera mizere ingati.

OTUNGA NDI ANGATI

Kupima zolowa kokha sikukwanira; zoturuka ziwerengedwenso, ndipo pano alimi ambiri amadabwa. Munthu mmodzi afuna malita osacepera 20 pa tsiku akumwa, kuphikira ndi kusamba m'manja. Mudzi wa anthu 250, amene ndiwo mjigo umodzi umayesedwa kuti ungawatumikire, ufuna malita 5,000. Ng'ombe yaikuru imamwa malita 30 kufikira 40 m'nyengo yotentha, cotero ng'ombe 100 zifuna ngati malita 3,500. Koma dimba la lima imodzi la tomato, repu kapena kabici m'mwezi wa Okutobala limataya madzi okwana mamilimita 6 kapena kuposa tsiku liri lonse, ndiwo malita 15,000. Lima imodzi ya ndiwo imamwa monga midzi itatu.

Izi sizitanthauza kuti madimba ndi oipa. Ndiwo amaphunzitsa ana ndi kugula mcere m'miyezi imene munda ulibe kanthu, ndipo nthoci za ku Nyimba zidziwika kwa ali yense woyenda pa mseu wa kum'mawa. Koma kale kutunga kunali ndi malire ake, ndiwo kutopa kwa munthu. Wothirira ndi kheni amaleka msana ukapweteka, ndipo mjigo wa manja suturutsa kuposa malita 1,000 pa ora. Pampu ya injini kapena ya sola sitopa. Ya sola imakoka kwambiri pa tsiku lowala dzuwa, ndilo tsiku lomwelo limene madzi ali ocepa. Mlimi wogula pampu yotere acita bwino kuyamba wapima citsime cake, ndi kupimanso ca mnansi wake wa kumunsi, mwezi usanathe ciikireni pampuyo. Mikangano yambiri ya madzi imakula cifukwa wina akuti "wandiphwetsera citsime," winayo akuti "ndi dzuwa," ndipo palibe nambala yoti nduna za mfumu ziweruzirepo. Kuphimbira mabedi ndi udzu, kuthira manyowa ndi kuthirira madzulo kumacepetsa madzi otayika popanda kucepetsa dimba.

Pali cizindikiro cina cimene amuna sacidziwa bwino, koma amai ndi atsikana acidziwa ndi miyendo yao. Muyeso wa maiko umati banja liyesedwa kuti lili ndi madzi ngati kupita, kudikira pa mzere ndi kubwerera sikupitirira mphindi 30. Nyumba zitatu kapena zinai, ya pafupi, ya pakati ndi ya kutali, zilembe mphindi zimenezi m'Meyi ndi m'Okutobala. Mphindi zikafika ora kapena awiri, mtsikana amacedwa ku sukulu, ndipo madzi osamba m'manja ndiwo amayamba kumanidwa.

Madzi ocuruka koma odwalitsa sawerengedwa ngati cuma. Kuyera kwa m'maso sikutsimikiza kanthu, pakuti tizilombo ta kolera ndi kamwazi sitioneka. Mliri wa kolera umene unayamba m'Okutobala 2023 unapha anthu oposa 700 m'Zambia, ambiri a iwo ku Lusaka kumene zitsime zosaya zili pafupi ndi zimbudzi. Lamulo la 2018 lifuna kuti pakati pa mjigo ndi cimbudzi pakhale mamita osacepera 30, ndipo nzeru iwonjeza kuti cimbudzi ndi khola zikhale kumunsi kwa citsime. Mudzi uwerenge mapazi amenewa, uone ngati simenti ya pa mlomo yang'ambika, ndipo upemphe wa zaumoyo wa ku cipatala capafupi kuti atenge madzi akapimidwe, makamaka mvula zoyamba zitagwa. Ana otsegula m'mimba akacuruka m'nyumba zotunga pa citsime cimodzi, madziwo aphitsidwe kapena athiridwe klorini kufikira yankho litabwera.

WOSUNGA BUKU

Midzi yambiri ili ndi komiti ya madzi, ya V-WASHE, imene imasonkhetsa ndalama zokonzera mjigo. Bukuli ndi nchito yake, ndipo amai akhalemo, pakuti ndiwo amafika pa citsime m'bandakuca. Citini ca mvula cikhala bwino pa sukulu, pamene ana a magiredi apamwamba angaphunzirepo masamu enieni, koma pa chuti pakhale wina wocilandira, cifukwa chuti ca Disembala cimagwa pakati pa mvula. Mabuku akhale awiri, lina kwa mlembi, lina kwa anyakwawa. Buku limodzi limapsa ndi nyumba kapena kupita ndi mlembi wosamuka.

Nthawi yabwino yowerenga bukuli pamaso pa mudzi ndi mwezi wa Meyi, madimba asanayambe. Ngati m'Epulo madzi sanabwerere pa mfundo yake, anthu agwirizane nthawi ikadalipo za kukula kwa madimba a pafupi ndi citsime cakumwa, za kumene ng'ombe zidzamwera, ndi za nyengo youmba njerwa, imene imadya madzi ambiri pa miyezi yomwe yovutayo. Kukumba citsime catsopano kapena kuzamitsa cakale kucitike kumapeto kwa Okutobala, madzi ali pansi penipeni. Cokumbidwa m'Meyi cimakondweretsa miyezi itatu cabe. Ndipo popita ku khonsolo, ku komiti ya D-WASHE kapena kwa mlangizi wa zaulimi, mudzi wonena kuti "madzi atsika mamita awiri pa zaka zitatu, mvula ili yabwino" umamveka mosiyana ndi wongonena kuti "tili pa mavuto." Wokumba mjigo nayenso akapatsidwa manambalawo adziwa kuya koyenera kuikapo pampu.

Caka coyamba bukuli silidzanena zambiri, ndipo ena adzaseka wonyamula cingwe. Manambala amayamba kulankhula pa caka cacitatu. Mudzi umene ulibe buku uyambe pa tsiku loyamba la mwezi ukudzawu, usadikire Januwale. Zofunika ndi cingwe ca mamita 20, kacitini, msomali, rula ya mwana wa sukulu ndi kope lacikuto colimba. Cingweco cipimidwenso ndi tepi kawiri pa caka, ndipo kulemba kukhale kwa pensulo, cifukwa inki imafufutika kope likanyowa.